Akunditchula

Ndayetsemula katatu m'mawa uno
ndisanavale n'komwe magolovesi.
"Wina akukutchulani, adokotala,"
atero a Kaliwo osacheuka,
manja ali m'thovu, akutsuka timabotolo.
Sakudziwa kuti alasa.

Kompyuta ikuti usiku wathawu
anditchula awiri:
wina ku Osaka, wina kumzinda
umene dzina lake lakana kukhala palilime langa.
Chiwerengero chasendera,
chafika pa 412.
Ndilimo ndithu: Chimphamba N.,
dzina lofinyidwa pakati pa mpatuliro ndi chaka,
lodulidwa mchira.

Zaka zisanu ndinaweramira selo lofiira
mpaka khosi linauma gwa,
kufunsa chimene chimalipaka ulimbo
kachilombo ka malungo kakalowamo,
chimene chimalikakamiza kumata m'timitsempha ta ubongo
ngati chisoso pasiketi.
Yankho linabwera Lachinayi usiku,
magetsi atathima,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa wodi ya ana:
kamzere kamodzi kotuwa,
kopyapyala kuposa tsitsi la m'nsidze.
Ndinakuwa ndekha.
Mlonda anathamangira kuno ndi chibonga.

M'pepalamo zimenezo mulibe.
Mulibe milungu itatu imene mankhwala oyezera
anagona ku Lumbadzi kudikira chidindo,
ayezi akusungunuka m'bokosi.
Mulibe tsiku limene firiji inafa
tinanyamula magazi a anthu makumi asanu ndi atatu
m'chikulaboksi cha zakumwa,
kudutsa pamlatho, minibasi zitatsekerana,
ine ndikupemphera kuti dzuwa lichite ulesi.
Pepala ndi laukhondo.
Masamba khumi ndi limodzi, osanunkha dizilo.

Akomiti yokweza maudindo amalikonda.
Amayendetsa chala pamanambala
ngati ogula fodya ku Kanengo
akupima belo osafunsa za mvula.
Mlongo wanga Yotamu, womata matayala ku Biwi,
funso lake ndi limodzi:
"Akakutchula amalipira zingati?"
Ndikati palibe, amapukuta manja pa ovolosi:
"Ndiye ndi miseche imeneyo, achemwali."

Koma tsegulani tsamba lachinayi.
Chithunzi chachiwiri, kumanzere.
Selo limene anthu 412 aliyang'ana,
lotupa, la timatuza m'mbali,
linachoka m'mkono wa winawake.
M'pepala ndi Nambala 317.
Anali ndi zaka zitatu,
ndolo imodzi yokha, kukhutu lamanja,
maso atatembenuka,
thupi likuotcha nsalu.
Amayi ake anachokera naye ku Chinsapo pakabaza,
anadinda chala chachikulu pafomu
ine ndikuwerenga mothamanga,
iwo akuyang'ana dilipi ikudontha, osati ine.
Inki inatsalira pachala,
anaipukutira m'chitenje.

Anadzuka tsiku lachisanu, napempha chiponde.
Anatuluka Lolemba.
Nambala ya foni imene anatisiyira
imayankha ndi mawu a mayi wa kukampani
kuti mwini wake sakupezeka.

Malamulo a kafukufuku salola kulemba dzina,
ndipo ndi malamulo abwino,
ndinawasainira ndekha.
Choncho selo lake likuyenda m'maiko
kumene ine chitupa anandikaniza kawiri,
likuonetsedwa pamakoma a zipinda zozizira,
anthu akulilozera ndi kanyali kofiira,
ndipo akatha amatchula ine.

Madzulo ano a Kaliwo aweruka.
Fumbi la Okutobala lakhala pazenera,
jakaranda wathothokera pagalimoto ya abwana.
Ndazimitsa kompyuta pa 412.
Firiji yokha ndiyo ikung'ung'udza,
itasunga kadontho kake kotsala
m'shelefu yachitatu, kumbuyo.

Pano alibe wondimva.
Ndavula magolovesi,
ndalitchula dzinalo mokweza, lonse,
ndi la bambo ake lomwe,
osadula mchira.

Ngati ali moyo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi.
Mwina ali pamzere wa pamjigo,
mwina akukopera masamu a mnzake.
Ndatchulanso kachiwiri, pang'onopang'ono,
ndaima, ndikumvetsera cha ku Chinsapo
ngati kuli mtsikana amene wayetsemula.